Sake wa ku Japan akulemekezeka, nanga masese athu adalakwanji?

MWEZI wa Julaye chaka chatha ndidapita kwathu ku Nsaru kukakhala nawo pa chiliza cha agogo anga. Amene mudagonako kumeneko nyengo imeneyi mukudziwa mmene mphepo ya m'dambo imalowera m'mafupa. Ndidafika kutatsala masiku anayi kuti mwambo uchitike, ndipo ndidapeza mayi anga aakulu ali kalikiliki kuseri kwa nyumba, migolo iwiri ili pamoto, ana akutunga madzi, utsi uli tolo.

Phala litapsa adaliphula nalisiya kuti lipole. Pakapita kanthawi ankapita kukapisa chala, n'kupukusa mutu, n'kubwerera kukakhala pamkeka. Kachitatu adapisa chala nati, "Eya, tsopano lafika. Bweretsani chimera."

Ndidawafunsa kuti, "Kodi amayi, mwadziwa bwanji kuti lafika?"

Adandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "Inu a m'tauni mumafunsa zinthu. Likatentha kwambiri chimera chimapsa, mowa sukoma. Likazizira chimera chimagona, sichigwira ntchito. Chala chimadziwa."

Tsiku la mwambo nkhani ya kutentha idabukanso. Mbiya ina idagona panja usiku wonse, ndipo madoda atalawa adaikankhira pambali. Ati wazizira, wafa. Adafuna wa mbiya imene idagona m'khitchini pafupi ndi moto, umene unkachita thovu, wofunda ngati thupi la munthu. Umenewo ndiwo udapita kwa amfumu.

Zimenezi zidandikumbutsa botolo lina limene mnzanga adabwera nalo kuchokera ku Japan, komwe adakachita maphunziro a ulimi wothirira. Adatiitana anthu anayi kunyumba kwake mu Lilongwe muno. Mowawo unali woyera ngati madzi, ndipo ena tidaganiza kuti ndi kachasu wa kwawoko. Iye adaugawa pawiri. Theka adaika m'fuliji. Theka lina adathira m'kabotolo kadothi naimika kabotoloko m'poto wa madzi otentha kwa mphindi zochepa. Kenaka adatipatsa timakapu tating'ono, tosaposa chigoba cha dzira.

Abale, mowa unali umodzi womwewo, koma mukadalumbira kuti ndi mitundu iwiri. Wozizira uja unali wopepuka, kafungo kake ngati ka chipatso. Wofunda uja unali wolemera pa lilime, wotsekemera pang'ono, fungo lake ngati la mpunga ukamapsa, ndipo umatsika m'chifuwa ngati phala la mmawa. Dzina lake ndi sake, ngakhale eni ake kwawoko amakonda kuutchula kuti nihonshu.

Sake satcheza ngati kachasu ayi, amachita kufulula. Zofunika zake ndi zinayi: mpunga, madzi, yisiti ndi mtundu wina wa chuku umene amautcha koji. Mpunga amayamba aupala kunja kuti patsale mtima wokha. Ukapalidwa mpaka kutsala magawo 60 pa 100 kapena kuchepera apo, mowa wake ndi umene amautcha ginjo, ndipo ukatsala magawo 50 kapena kuchepera ndi daiginjo. Mphamvu ya sake imakhala cha m'ma 15 pa 100, ndiye kuti amaposa mowa wa m'mabotolo umene tidauzolowera katatu konse. Madera otchuka pa ntchitoyi ndi Nada, mumzinda wa Kobe ndi kufupi nako, komanso Fushimi ku Kyoto, ndipo mwamwambo amafulula m'nyengo yozizira. Mkulu woyang'anira kafulidwe amatchedwa toji, ndipo ndi munthu wolemekezeka zedi.

Chimene chidandigwira mtima ndi chakuti anthu amenewa kutentha kulikonse kwa mowa wawo adakupatsa dzina. Ukakhala pa madigiri 5 amati yukibie, kuzizira kwa chipale. Pa madigiri 10 ndi hanabie, kuzizira kwa nyengo ya maluwa. Ukafunda kufika madigiri 35 amati hitohada, kutanthauza khungu la munthu. Pa 40 ndi nurukan, pa 50 ndi atsukan. Ndipo amadziwa chifukwa chake. Sake wa ginjo, amene ulemerero wake uli m'fungo, amamwa wozizira poti moto umathamangitsa fungolo. Sake wolemera, wa masiku onse, amamutenthetsa kuti kukoma kwa mpunga kutuluke. Saika pamoto mwachindunji, amaimika kabotolo kaja, kotchedwa tokkuri, m'madzi otentha. Kawirikawiri kamalowa mamililita 180 basi. Pa gulu munthu sadzithirira yekha. Umathirira mnzako, iyenso n'kukuthirira, ndipo wamng'ono pothirira wamkulu amagwira ndi manja awiri.

Tsono taganizani. Kufunda kumene madoda a ku Nsaru ankafuna m'mbiya ija, si komwe kuja a ku Japan akuti khungu la munthu? Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adakulemba m'mabuku, adakuyeza, ndipo mwana wa sukulu atha kukuwerenga. Kwathu kuno kuli m'chala cha mayi wokalamba, ndipo chalacho tsiku lina tidzachikwirira.

Tiyeni tione bwino ntchito imene amayi a kwa Kabudula, ku Nambuma, ku Mpingu ndi ku Namitete amagwira. Amaviika chimanga, mawere kapena mapira m'madzi, n'kufundika mpaka zitamera, n'kuyanika, n'kugaya. Chimenecho ndicho chimera. Ntchito yake ndi kusandutsa ufa wa m'phala kukhala shuga, ntchito yomweyo imene koji amagwira pa mpunga. N'chifukwa chake phala lopanda shuga wa kusitolo limatsekemera likathiridwa chimera, n'kukhala thobwa. Akafuna mowa amalisiya kuti lisase, n'kuliwiritsanso, n'kuthiranso chimera, n'kudikira kuti liwire lokha, kenaka n'kusefa. Midzi imasiyana pang'ono kafulidwe, koma njira yaikulu ndi imeneyi. Mayi wodziwa amadziwanso kuti mowa wa mu Juni umachedwa, umafuna kufunditsa, pamene wa mu Okutobala umathamanga ndipo ukangochedwa tsiku limodzi wasasa. Ku yunivesite zimenezi amaphunzitsa ndi mawu akuluakulu achizungu, koma ndi nzeru zomwezi.

Ngakhale ulemu wa pa mowa tili nawo. Mwini mowa amayamba ndiye kulawa pamaso pa anthu kuti aone kuti mulibe choipa. Mbiya ya amfumu imakhala payokha. Chipanda chimayenda kuchokera kwa akulu, ndipo wopereka amagwada kapena kunjuta. Pa nsembe makolo ankathira pansi kukumbukira mizimu, monganso a ku Japan amapereka sake m'malo awo opembedzera, amene amamutcha omiki. Iwo pa ukwati wamwambo mkwati ndi mkwatibwi amamwera m'timakapu titatu. Ife tili ndi mowa wa dima, wa chinamwali, wa chiliza. Palibe chimene tidasowa apa.

Musaganize kuti sake wakhala pa mtendere nthawi zonse. Mu 1899 boma la Japan lidaletsa anthu kufulula mowa m'makomo, chifukwa linkafuna msonkho wochokera ku makampani. Mowa wa kumudzi wosasefa, woyera mbuu ngati masese athu, umene amautcha doburoku, udasanduka mlandu. Padapita zaka zoposa 100 kuti boma liyambe kuloleza alimi a m'madera ena kuti azifulula ndi kugulitsa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ngakhale sake wa m'makampani adakumana nazo. Malonda ake adafika pachimake cha m'ma 1973, kenaka achinyamata adayamba kuthamangira mowa wina, n'kumati sake ndi wa madala. Lero amene amamwedwa m'dzikomo safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi imeneyo, ndipo mafakitale ambiri adatsekedwa.

Koma otsalawo sadakhale pansi n'kumalira. Adakonza kafulidwe, adayamba kulemba pa botolo mtundu wa mpunga ndi dera limene wachokera, ndipo adafunafuna misika kunja. Tsiku la 1 Okutobala chaka chilichonse ndi tsiku la sake. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO lidaika luso lofulula sake pogwiritsa ntchito koji pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse. Mndandanda womwewo uli ndi Gule Wamkulu, amene adalengezedwa mu 2005 nalembedwa mu 2008, komanso nsima yathu, imene idalowa mu 2017. Ndiye taonani chodabwitsa. Gule timamunyadira, nsima timainyadira, koma mbiya imene imakhala pambali pa bwalo pamene gule akutuluka timaichitira manyazi. Chimanga chake ndi chomwecho, manja ake ndi omwewo.

Manyazi amenewa ali ndi mtengo wake, ndipo apa ndipo pagona nkhani. Koji uja, amene asayansi amamutcha Aspergillus oryzae, ndi mbale wake weniweni wa chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga chathu, Aspergillus flavus. Wina adawetedwa kwa zaka mazanamazana, kusankhidwa ndi kusamalidwa, mpaka lero alibe poizoni. Winayo ndi wakutchire, ndipo amatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Alimi a mtedza a kuno kumadzulo kwa Lilongwe amamudziwa bwino, poti ndi yemweyo amene amatsekereza mtedza wathu ku misika ya ku Ulaya.

Nanga chimanga chowola chija timasankha pokolola chimapita kuti? Tisanamizane, tonse tikudziwa. Chabwino chimapita ku nsima ndi ku msika, chowola amati n'cha nkhumba kapena cha mowa. Mu 2012 akatswiri otsogozedwa ndi a Limbikani Matumba adatenga masese m'midzi ya m'maboma a Lilongwe ndi Dowa, ena a pa miyambo, ena ogulitsa, nakawayeza. Zotsatira zake zidatuluka mu 2014, ndipo adapezamo aflatoxin ndi poizoni wina wa chuku wotchedwa fumonisin. Kuwiritsa sikuthetsa poizoni ameneyu. Fumonisin ndi mmodzi mwa zinthu zimene akatswiri amazikayikira pa khansa ya kum'mero, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko amene nthenda imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lapansi. Mnzathu wa ku Kobe akusankha mpunga wapamwamba kuposa wodya kuti afulule, ife tikusesa zotsalira pansi pa nkhokwe. Vuto si mbiya. Vuto ndi lakuti tidagamula kale m'mitima mwathu kuti mowa wa kumudzi ndi chinthu chachabe, ndiye chachabe chimaphikidwa ndi zachabe.

Wina atha kunena kuti, aise, iwe ukulimbikitsa uchidakwa. Iyayi. Ndaika m'manda anzanga amene mowa udawatenga, ndipo sake nayenso, ngakhale ali ndi maina okoma chotani, ndi mowa basi, amaononga chiwindi chimodzimodzi. Amene simumwa, kaya chifukwa cha mpingo kaya cha thanzi, pitirizani, palibe chimene mukutaya. Koma tiyeni tione kumene ana athu adathawira atanyoza chipanda. Adathawira ku masacheti, timapepala ta mowa waukali timene mwana wa sukulu ankabisa m'thumba la yunifolomu, mpaka boma lidachita kuletsa mu 2015. Masacheti atapita padabwera timabotolo tapulasitiki totchipa. Adathawira ku kachasu wotchezedwa mobisa, amene palibe amayeza, ndipo mphekesera za zimene ena amathiramo kuti akalipe tonse tidazimva. Mowa woterewu ulibe nthawi, ulibe mwini wolawa poyamba, ulibe wamkulu wokuuza kuti wakwana. Mnyamata amagugudiza ataima kuseri kwa golosale nthawi ya 9 koloko mmawa.

Munthu amene akudikira kuti kabotolo kake kafunde m'madzi, n'kumathirira mnzake m'kakapu konga chigoba cha dzira, akumwa mosiyana ndi ameneyo. Chimodzimodzi mdala amene akudikira chipanda kuti chizungulire bwalo chisanamufike. Mwambo umachedwetsa dzanja. Sindikuti kumudzi kulibe zidakwa, ziliko zambiri, ndipo ku Japan nakonso ziliko. Koma pamene pali mwambo pamakhala maso a anthu.

Komanso tisaiwale kuti m'mbiya muli ndalama. Ndi angati mwa inu ophunzira a ku Bunda, ku Zomba ndi ku Blantyre amene fizi yanu ya ku sekondale idachokera m'migolo ya amayi? Simumanena pa gulu, koma mukudziwa. Mayi wamasiye wa kwa Kabudula amene alibe fodya wogulitsa, mpamba wake ndi thumba la chimanga ndi luso la m'manja mwake. Timadya ndalama yake, koma ntchito yake timaibisa ngati nthenda.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Dziko la Japan si lachilendo kwenikweni kwa ife. Achinyamata awo ongodzipereka adayamba kubwera kuno mu 1971, ndipo aphunzitsa m'sukulu zathu ndi kugwira ntchito m'zipatala zathu. Mu 2003 Malawi adatengera kwa iwo ndondomeko ya One Village One Product, imene idayambira m'chigawo cha Oita mu 1979 pansi pa bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu. Mfundo yake inali yakuti dera lililonse lipeze chinthu chake chimodzi, lichikonze bwino mpaka chitchuke. Zina mwa zinthu zimene zidatchukitsa Oita ndi mowa wawo wotcheza wa balere, wotchedwa shochu. Ife tidatola uchi, mpunga, mafuta ophikira ndi zopangidwa kuchokera ku malambe, zomwe ndi zabwino ndithu. Koma chakumwa chimene mudzi uliwonse umadziwa kale kupanga tidachilambalala. Pamene ife tikuchita manyazi, makampani akugulitsa masese omwewo m'mapaketi a Chibuku kuyambira kalekale, ndipo palibe amaseka.

Tsono tichitenji? Poyamba, inu a geni. Thobwa likuyenda malonda mu Lilongwe muno, pa depoti, ku msika wa Tsoka, ku Area 25, ndipo limamwedwa ndi aliyense, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Koma taonani mmene tikuligulitsira, m'mabotolo otola, osadziwika adamwera ndani. Nthawi yozizira munthu wopita ku ntchito mmamawa amafuna thobwa lofunda, ndipo mu Okutobala amafuna lozizira kuti tsemwe. Ndani akumupatsa mwayi wosankha? Fulasiki imodzi, bokosi la ayezi limodzi, makapu otsuka bwino, ndi mawu oona akuti ili ndi la mawere, ili ndi la chimanga, laphikidwa lero. Wogula akazolowera dzanja lako sapitanso kwina. Ndipo pogula chimanga cha chimera ku Msundwe kapena ku Namitete, kanani chowola ngakhale chitatchipa bwanji. Mukupha makasitomala anu omwe.

Chachiwiri, inu ophunzira. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze ali pa msewu womwewu wa ku Mchinji, pafupi ndi Mpingu. Yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ili m'boma lomwe lino. Pa tchuthi tengani kope ndi choyezera kutentha, mukakhale pansi ndi agogo anu. Pamene iwo akuti lafika, inu yezani mulembe kuti ndi madigiri angati. Lembani masiku, muyezo wa chimera, maina onse amene amatchula pa gawo lililonse la ntchito, poti maina amenewo alipo ndipo akutha. Chimenecho ndi kafukufuku weniweni, woposa kukopera za m'mabuku a maiko ena.

Chachitatu, mafumu athu ndi alangizi. Mfumu imene imatha kuletsa mowa nthawi ya maliro ithanso kulamula kuti m'mudzi mwake musafululidwe mowa wa chimanga chowola, ndipo mwana asapezeke pa malo omwera. Alangizi amene amaphunzitsa za chuku pa mtedza awonjezere mawu awiri okhudza chimera, kayanikidwe kake ndi kasungidwe kake. Zimenezi sizilira ndalama za mabungwe akunja.

Tsiku lonyamuka ndidawafotokozera mayi anga aakulu za anthu a ku Japan ndi maina awo a kutentha kwa mowa. Adaseka mpaka kutsokomola. "Eti! Ndiye kuti kumenekonso aliko anzeru," adatero. Kenaka adakhala chete pang'ono nati, "Koma kuno ndani adzafulule ine ndikapita? Atsikanawa akuti ntchito ya utsi sakuifuna. Chiliza changa mudzagula wa m'mapaketi."

Ndidasowa chowayankha. Ndagula kope ndi choyezera, ndipo akangokolola ndikubwerera ku Nsaru. Inunso amene agogo anu akadali moyo, musadikire uthenga wa maliro kuti mupite kumudzi.